Benchi la a Chiimire

Bambo aja sankakhala pansi. Osati kuti ankakhala mwa apo ndi apo, ayi. Zaka makumi atatu ndi ziwiri anasamalira mipando ya pagombe pa hotela ija, mipando makumi asanu ndi limodzi, ndipo panalibe ndi umodzi womwe umene unadziwa kulemera kwawo. Ankadya ali chilili, tiyi ankamwa akuyenda. M'basi ankaima pakhomo ngakhale malo ali mbwee, mpaka kondakitala ankachita manyazi. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso cha ntchito. Anthu onse, kuyambira bwana wa hotela mpaka asodzi, ankangoti a Chiimire, ngakhale dzinalo linkanama pang'ono, chifukwa kuima malo amodzi nakonso sankakutha.

Amene anasenza mtanda umenewu anali akazi awo, amene ankagwira ntchito kochapira zovala. Ankatchedwa Mayi Matawulo. Anali munthu wofatsa, wa mawu ochepa, ndipo pa moyo wawo wonse ankangofuna chinthu chimodzi chokha: kuti tsiku lina amuna awo akhale pambali pawo, onse awiri ayang'ane nyanja ngati mmene amachitira alendo.

Chisanu chikangotha, mphepo yoluma ija ikaleka, mitengo ya kuseri kwa khitchini ikayamba kuphuka, hotela inkadzidzimuka ngati munthu amene wachedwa kuntchito. Ena akusesa mchenga umene unadzaza pakhonde, ena akupaka penti, ena akumanga ukonde wa mpira wamanja. Pakhomo ankapachika bolodi la zochitika: Lolemba anthu a m'deralo kutola zinyalala pagombe, Lachitatu ana asukulu kuulutsa makaiti, Loweruka antchito a hotela kukokana chingwe ndi asodzi. Imeneyo ndiyo inali nyengo ya a Chiimire. Ankangoti jijirijijiri, uku atulutsa mipando, uku akung'unthira maambulera, uku akukalipira mbalame kuti zaipitsa pa tebulo.

Koma mpando umene wagona miyezi inayi mosungira katundu umafunika kuuyesa mlendo asanakhalepo. Tsono munthu wosakhala pansi ayesa bwanji mpando? Ankaitana akazi awo.

"Khalani apa."

"Ndakhala."

"Tsamirani. Gwedezekani pang'ono. Ehe, walira."

"Si mpandowu, bambo, ndi msana wanga."

"Msana wanu ndimaudziwa, sulira choncho. Dzukani, wina uwu."

Chaka ndi chaka Mayi Matawulo ankakhala pa mipando yonse makumi asanu ndi limodzi, umodziumodzi, amuna awo akuwazungulira khutu lili tcheru. Ndiye kuti panyumba imodzi panali munthu amene anakhalapo pa mipando yambiri kuposa wina aliyense m'deralo, ndi wina amene sanakhalepo ndi umodzi womwe.

Alendo nawo ankaona zosaona. Dzuwa likasuntha, a Chiimire ankasuntha ambulera. Mthunzi ukathawa, ankakoka mpando ndi mwini wake yemwe. Bambo wina wamimba yake anagona tulo akuyang'ana nyanja, n'kudzuka akuyang'ana zitini za zinyalala kuseri kwa khitchini. Atakadandaula, a Chiimire anangoyankha kuti, "Mukanapsa, bwana. Onani anzanu awo, afiira ngati nkhanu zophika." Mlendoyo anabweranso chaka chotsatira n'kupempha kuti azimukoka yemwe uja.

Anthu ankanena zambiri. Ena ankati ndi matenda, ena ankati analumbira. Mayi Matawulo okha ndi amene ankadziwa chilungamo chake, ndipo chinkawadya mumtima, chifukwa gwero lake anali iwowo. Chaka chimene a Chiimire anayamba ntchito, nyengo ngati yomweyi, anakhala pansi kuseri kwa shedi ya maboti kuti awafunsire banja. Mawu ankavuta kutuluka. Anayamba ndi za nyengo, kenaka za sopo wochapira, kenaka za nyengo kachiwiri. Pamene ankafika pa mfundo, madzi anali atakwera n'kutenga mipando khumi ndi umodzi. Anasambira n'kupulumutsapo isanu ndi iwiri. Mwini hotela wa nthawi imeneyo anawaloza chala ali chinyowere, amvekere, "Ndikadzakuonanso utakhala pansi, udzanyamule ako." Mwini hotelayo anamwalira kalekale, hotela inasintha eni katatu, koma palibe amene anakumbukira kuchotsa lamulo lija.

"Bwana ameneyo anatisiya, bambo," ankatero mayi. "Mukuopa ndani?"

"Nanga nyanja nayo inatisiya?"

Atatha zaka khumi m'banja, mayi anapempha poyera. Anati safuna diresi, safuna nsapato, akungofuna pokhala anthu awiri. A Chiimire sanakane. Anatola matabwa a mipando yothyoka n'kukhoma benchi labwino zedi, naliika pansi pa mtengo pafupi ndi kochapira, pamene nyanja imaoneka yonse. Tsiku loti akhalepo, mayi anavala bwino, anadzola ndi mafuta omwe. Atafika anapeza benchi likunyezimira, pamwamba pake patalendewera kabolodi kolembedwa kuti PENTI SANAUME.

"Auma liti?"

"Penti wa masiku ano sadziwika, mayi. Tidikire."

Anadikira. Penti atauma, a Chiimire anapeza pamene mbalame inakanda, n'kupakanso. Kuyambira pamenepo zinangokhala choncho. Mayi akangotchula za benchi, mawa lake kabolodi kabwerera. Linakhalapo lobiriwira, lofiira, loyera, lachikasu, kutengera chitini chimene chatsala kwa opaka penti. Benchi lija linanenepa ndi penti mpaka timipata ta pakati pa matabwa tinatsekeka.

Mchimwene wawo wa mayi, amene anali wophika wamkulu pa hotelapo, anati nkhaniyi aithetsa yekha. Pa tsiku lotsegulira nyengo pankakhala masewera olimbirana mipando: oimba amaimba, anthu amazungulira, nyimbo ikaduka aliyense athamangire pokhala, wotsala chilili watuluka. Wophika uja analembetsa dzina la alamu ake mwakachetechete, ndipo anapangana ndi ena onse kuti nyimbo ikaduka pasapezeke wokhala, mipando yonse isiyidwire a Chiimire. Anthu anadzaza. Ngakhale ogulitsa zipewa anasiya malonda awo.

Nyimbo inaduka. Onse anaima njo. A Chiimire anayang'ana mipando khumi yopanda anthu, anayang'ana dzuwa, n'kunyamula umodzi kukauika pamthunzi.

"Alamu, khalani! Mwapambana kale, ingokhalani!" anakuwa wophika.

"Mipando yopanda anthu siikhala padzuwa, alamu, nsalu zake zimasuluka."

Oimba anayambanso, ndipo pamene nyimbo inkaduka kachiwiri, mipando yonse khumi inali itasanjikizidwa bwinobwino pansi pa denga. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Mayi Matawulo anasekako nawo, koma atabwerera kochapira anasita tawulo limodzi kanayi osadziwa.

Kenaka miyendo inayamba kutupa. Poyamba a Chiimire ankati nsapato zachepa. Kenaka anayamba kuima pakati pa njira, mpando uli paphewa, akupuma ngati athamanga. Mayi anawakokera kuchipatala.

"Khalani pansi, bambo," anatero dokotala.

"Ndili bwino pompano, adokotala."

Dokotala anawapima ali chilili, ndipo sanabise mawu. Mtima watopa. Azipumula kawiri pa tsiku, miyendo ili m'mwamba, apo ayi nyengo inayo sadzaiona. Mawa lake antchito anapeza a Chiimire ataima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, winawo atausanjika pa kreti ya zakumwa, manja akupukuta ambulera. Anati akutsatira malangizo, mwendo uliwonse ukhala ndi nthawi yake.

Apa Mayi Matawulo analeka kuseka. Anachita mantha, ndipo mantha awo anatulukira mu ukali umene anthu anali asanauonepo. Chisanu chitatha, mipando itatulutsidwa, amuna awo ataitana kuti "Khalani apa," mayi anapinda manja.

"Chaka chino sindikhala."

"Nanga iyesedwa bwanji?"

"Muli nawo pokhalira panu, Mulungu anakupatsani. Zaka makumi atatu ndakhala m'malo mwanu. Kodi mukufuna kuti ndidzakhalenso ndekha pa maliro anu, anthu azidzandifunsa kuti amuna anu munakhala nawo bwanji, ine n'kusowa choyankha?"

A Chiimire anatembenuka. Anapita kukaitana alamu awo, wophika uja, amene anayesa mipando isanu n'kuthyola itatu. Sabata yonseyo panyumba paja panalibe wokhala pansi. Mayi nawo anayamba kudya chilili, dala, mbale ili m'manja, akuyang'anitsitsa amuna awo m'maso.

Kutatsala tsiku limodzi kuti alendo ayambe kufika, m'mawa dzuwa litakwera pang'ono, hotela yonse ili piringupiringu, a Chiimire anasuzumira pakhomo la kochapira. Analibe kanthu m'manja, ndipo mayi anali asanawaonepo ali manjamanja.

"Mayi, penti wauma."

Mayi anazimitsa simbi. Anayenda onse awiri kupita pansi pa mtengo paja, ndipo kwa nthawi yoyamba mayi ndi amene ankatsogola, amuna awo akutsalira m'mbuyo. Benchi linali la buluu chaka chimenecho, kabolodi katachotsedwa. A Chiimire analiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira madzi ozizira asanasambe. Kenaka anapinda mawondo, mawondowo analira, n'kukhala. Mayi anakhala pambali pawo.

"Kodi imaoneka chonchi?" anafunsa a Chiimire patapita kanthawi.

"Chiyani?"

"Nyanjayi. Ine ndimangoyang'ana pamene yafika."

Mayi anatembenuka kuti aseke, koma anaona nkhope ya amuna awo itatuwa, thukuta lili pamphumi, mpweya ukutuluka pang'onopang'ono. Chinthu chimene anachipempha zaka zonse zija anali nacho tsopano, ndipo chinawaopsa kuposa china chilichonse. Anawagwira mkono.

"Dzukani, bambo. Dzukani, madzi akukwera. Mipando yanu ipita."

"Isiyeni ipite. Tsiku lija kuseri kwa shedi ndinatsala ndi mawu ena."

"Mawu anji?"

"Ndaiwala. Koma pano m'pabwino, mayi. Munkanena zoona."

Anakhala choncho mpaka nthawi ya tiyi. Wophika anatulukira ndi poto m'manja, ataona alamu ake atakhala anangosiya potoyo pansi, n'kuthamanga kukaitana galimoto ya hotela. Anthu atabwera kuti awadzutse, buluku linakana kuchoka pa benchi. Anakoka, linamveka kumatuka, ndipo kumbuyo konse kunali buluu. Diresi ya mayi nayonso chimodzimodzi.

"Mwandinamiza!" anatero mayi, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Penti sanaume uyu!"

"Ndinapaka dzulo, mwachizolowezi," anayankha a Chiimire akuwakweza m'galimoto. "Ndikanati ndidikire kuti aume, ndikanachedwa."

Anamwalira patatha masiku atatu. Pa maliro wophika uja anati iye anali wokonzeka kukumba dzenje loimirira, koma alamu ake anaphunzira kupumula nthawi itatsala pang'ono. Anthu anaseka, kenaka wophikayo anabisa nkhope m'chipewa.

Chisanu chathanso tsopano. Bolodi la zochitika lapachikidwa, makaiti auluka Lachitatu, asodzi apambananso pa chingwe. Mipando ili ndi woisamalira watsopano, munthu wabwinobwino, amene amaiyala m'mawa n'kukhala pa umodzi mpaka madzulo. Ambulera pamene yazikidwa ndi pomwepo. Alendo amapsa mwamtendere, palibe wowakoka. Gombe lonse lakhazikika, ndipo ife amene tinazolowera kuona kamunthu kakudutsa uku ndi uku ndi mpando paphewa timangoona ngati china chake chazima, monga firiji ikasiya kulira.

Opaka penti atafika pa benchi lija ndi chitini chawo, anapeza Mayi Matawulo ataima patsogolo pake. Pa thabwa la buluu pali zidindo ziwiri zoyandikana, china chachikulu china chaching'ono, ndipo pa chaching'onocho ulusi wa buluku ukuonekabe. Umboni woti a Chiimire anakhalapo pansi ndi wokhawo.

"Bwana akuti tipake zonse, mayi."

"Kauzeni bwana kuti ili lapakidwa kale."

Anatenga kabolodi kakale kaja n'kukapachika pamalo pake. Masiku ano nthawi ya tiyi amamwera pomwepo, chilili, pambali pa benchi. Dzana mlendo wina, mtsikana wofuna pokhala, anawerenga kabolodiko, anakhudza thabwa ndi chala n'kuyang'ana chalacho.

"Koma amayi, wauma kalekale uyu."

Mayi Matawulo anapitiriza kuyang'ana nyanja.

"Sanaume, mwanangu."