Kapu ya Ndikubwera

Lolemba
Ndabwera ndi masewera kuchokera kumaphunziro a amayi kutchalitchi. Chitsekerero chimodzi cha botolo ndi ola limodzi. Aliyense m'banja aziponya zake m'makapu: ntchito, sukulu, zapakhomo, kupuma. Wina zikamuchulukira, anzake amupepuze. Chimene ndikufuna ine n'chimodzi basi: Loweruka masana ndikapezeke kukwaya. Ndikajombanso andichotsa paulendo wa ku Zomba, chonsecho yunifomu ndasoketsa kale!

Lachiwiri
Tayamba. Kapu ya zapakhomo yadzaza ndi zanga zokhazokha. Amuna anga, bambo a Chisomo, asuzumiramo n'kupukusa mutu: "Mayi, mukutopa zedi." Mtima wanga mbee. Ukwati ulipo ndithu!

Lachitatu
Vuto. Bambo atsala ndi mulu wa zitsekerero m'manja, alibe poponya. Ndawafunsa kumene amakhala madzulo. Akuti: "Kodi simundimva ndikamati ndikubwera?" Zoonadi, amatero akutuluka pageti. Chisomo wathamangira kapu ina, walembapo NDIKUBWERA. Yadzaza mpaka kutayikira.

Lachinayi
Madzi abwera pampopi titangoyala masewera. Za mipopi ya ku Bangwe kuno aphunzitsi aja sanatiuze. Ndowa, mabeseni, mapoto, ndi makapu a masewera omwe! Ndatunga ndekha. Enawo akuti akulondera zitsekerero.

Lachisanu
Apongozi atulukira kuchokera ku Machinjiri osaimba foni n'komwe. Ndawafotokozera za masewerawa mwaulemu wonse. Akuti: "Mwana wanga atsuke mbale chifukwa cha zinyalala zotola kugolosale?" Koma bambo aima nganganga pamaso pa mayi awo: mawa khanda lathu ndi khomo asamala okha. Achita kulumbira. Bambowo ndawapatsa nthuli yaikulu.

Loweruka
Ndasamba, ndadzola, nyimbo ili kale pakamwa. Bambo akuti zitsekerero zina zapindika, akasinthe msanga. "Ndikubwera."
Nthawi ya kwaya yakwana, ine pakhonde. Kwaya yaweruka, ine pakhonde pomwepo, mwana kumsana. Chisomo wakawapeza pansi pa mtengo wa mango ndi anzawo, akumenya drafti ya zitsekerero. Ndi maola anga! Ndakwiya mpaka misozi.

Lamulungu
Mayina a opita ku Zomba awerengedwa. Langa palibe. Zandiwawa, koma ndaimba nawo chapansipansi kubenchi yakumbuyo. Potuluka, aphunzitsi a masewera aja andigwira dzanja, akumwetulira mano onse pamtunda. Akufuna ndikaphunzitse amayi a ku Chilomoni mmene banja limagawanira nthawi. Ndawauza zoona: ndilibe nthawi.