Mwala Umene Ndinauyesa Wakumwamba

Nkhaniyi pakhomo pano saitchula pamaso pa alendo, koma ine ndiulula ndekha, mwina mtima ungakhale pansi.

Ndine mkamwini ku Lirangwe. Kwathu ndi ku Chileka, ndipo kuno munda, mitengo, ngakhale chulu, zonse ndi za kwawo kwa akazi anga (changa ndi khasu basi, nalonso mpini wake anandipatsa alamu). Tsiku lina ndinamva pa wailesi kuti mlengalenga mukuyendayenda miyala ikuluikulu ngati mapiri, ina yokhala ndi golide, ndipo palibe dziko lololedwa kunena kuti ndi yake. Za munthu wamba, akuti odziwa malamulo akukanganabe. Malo opanda alamu!

Patatha sabata, ndikugalauza kumapeto kwa munda, chakufupi ndi kwa a Nampinga oyandikana nafe, khasu linagunda mwala wakuda, wosalala, wolemera modabwitsa. Miyala yotero kuno kulibe. Ndinati basi, chidutswa cha miyala ya mlengalenga ija chagwa. Koma mantha anandigwira: poti wagwera m'munda mwa eni, ndi wa yani? Mlanduwo ndinauweruza ndekha, kuti chochokera kumwamba n'cha wotola. Ndinauzula, dzenje n'kukwirira, mizere n'kuunda pamwamba bwinobwino kuti pasaoneke chizindikiro.

M'mawa mwake ndinauika m'thumba, n'kukwera minibasi kupita kwa msuweni wanga, mlonda wa cha ku bwalo la ndege (ndinkati woona ndege tsiku lililonse, zakumwamba amazidziwa). Njira yonse thukuta kamukamu, kuopa kuti apolisi apamsewu andifunsa zamthumbamo.

Msuweni anautembenuza mwalawo, n'kundiyang'ana.

"Achimwene, kumwambako amakhalanso ndi tchizulo?"

Kunsi kwake kunali mtanda wogoba bwinobwino. Ndisanayankhe, foni inalira. Anali akazi anga.

"Bambo a Chisomo, mwala wa malire uli kuti? Uja makolo athu anachita kubwera nawo kuchokera ku Mozambique? A Nampinga ayamba kale kulima mbali yathu!"

Ndinabwezera mwalawo m'thumba, n'kuthamangira minibasi. Pobwerera ndinapeza mbumba yonse ili kumunda, amalume a akazi anga ali patsogolo.

"Bwezerani pomwe munauchotsa," anatero osakweza mawu.

Ndinayang'ana mizere ija. Yonse yofanana, ntchito yokongola ya manja anga. Ndinaloza apa, a Nampinga n'kuti, "Iyayi akamwini, ndi apo." Ndinalozanso pena, n'kuonekeratu kuti ndikungolota. Pofika masana mwala unakhazikidwa pomwe ananena a Nampinga, ife titaluza mizere inayi, yomwe imabereka maungu kuposa yonse.

Sabata yonse ndinkangodikira kuuzidwa kuti ndilongedze. Sanandithamangitse ayi, koma masiku ano ndimalima pakati pa munda pokha, m'mphepete amalima akazi anga. Ndipo ndikapeza kamwala mumpunga, ndimayamba ndafunsa ndisanakachotse.