Uvuni wa Njerwa Unamanga Ukwati wa Esinati

Ndikulumbira pali Mulungu, pali malemu mayi anga amene ali chigonere ku Kapondo kuno: liwu limodzi likakhala labodza, mano anditsalirawa agwe inu mukuona. Wokayika asendere pafupi, asamakatsutsire kuseri.

Chinali chinkhoswe cha mwana wanga Esinati, mwezi wa Julaye, chisanu chake choti tambala akalira m'mawa mawu ankauma m'mwamba n'kudzamveka masana. Mnyamata womukwatirayo ndi wa ku Chipata, kutsidya kwa malire, nkhoswe yake anali malume ake, a Tembo, dalaivala wa thiraki. Ine mbuzi ndapha, nkhuku ndawotcha, a Tembo n'kukankha mbale. "Asewere, nyama anandiletsa, ndili ndi bipi. Ndikadya kwathu." Mukumva? Nkhoswe ikachoka ndi njala pakhomo pako, ukwatiwo wamangidwa ndi chiyani? Esinati akulira kuseri kwa nkhokwe, amayi ake akuti tiwiritse mpiru msangamsanga, ine ndinati mlendo wodumpha malire sadya masamba owiritsa pakhomo pa ine.

Ndinathamangira kudimba. Karoti wanga chaka chimenecho sankazuka ndi manja, ndinachita kumanga ng'ombe ziwiri pagoli, zinakoka mpaka kugwada, ndipo atazuka dzenje lake linadzaza madzi, ndicho chitsime chija mumatungapo osathokoza. Dzungu ndinalidula ndi sowo, m'kati mwake tinapezamo mbuzi ya aneba imene inasowa pa Isitala, itanenepa, ili ndi ana awiri. Mbatata, anyezi, mabiringanya, zonse m'ngolo, koma adyo mutu umodzi tinachita kuunyamula pamtengo anthu awiri ngati tapha nguluwe.

Mphika woti zikwanemo kunalibe. Mwayi wake ndinali nditangotentha njerwa, uvuni ukadali psuu. Ndinazula lata padenga la nyumba yanga, kulikwecha ndi mchenga, kuyalapo zoduladula zija, kufinya mtedza ndi dzanja ili mafuta n'kumachucha ngati pampopi, mchere pang'ono pokumbukira bipi, adyo wosinja, ndi mpungabwi umene inu mumangothamangitsira udzudzu, kenako lata lonse pakamwa pa uvuni, ine n'kumatembenuza ndi fosholo mpaka nsidze zinapserera. Si izi kulibe?

Ndiye fungo lake, abale. Linatuluka n'kuyamba kuyenda mumsewu ngati munthu, litafika pa Boma minibasi zopita ku Lilongwe zinatembenuka zokha kuloza kwathu, litafika pa boda linawoloka lopanda chiphaso, madalaivala ogona pamzere anadzidzimuka akutafuna mapilo, agalu a ku Mwami, tsidya lija la boda, anabwera mumdipiti ndipo ena anakhazikika konkuno, n'chifukwa chake agalu a m'mudzi muno amauwa Chinyanja. Mukumva?

Apo n'kuti a Tembo atakwera kale thiraki, injini ikulira, ukwati ukupita. Fungo linawagwira pakolala, kuwatsitsa, kuwakhazika pampando. Anayamba karoti wopserera m'mbali, wotsekemera ngati uchi, anabwera pa dzungu, anyezi ankangosungunuka m'kamwa, munthu wamkulu misozi mbwembwembwe, zitatha analuma lata lenilenilo, ndipo mpaka lero denga langa limadontha pamene panalowa mano awo. Atapukuta pakamwa anaitanitsa nkhuku ya chinkhoswe, anaigawira ankhoswe onse monga mwa mwambo, nati, "Asewere, ukwati wamangika. Mtsikanayu akakangana ndi mphwanga, wolakwa ndi mphwanga." Esinati ndi mwamuna wake ali limodzi mpaka pano, adzukulu anga ndi awo akusewera apowo.

Iwe Faisoni, ndakuona ukunong'oneza mnzako. Ukuti a Tembo anatsegula m'mimba mpaka kukagonekedwa kuchipatala pa Boma? Zamkutu zimenezo. Munthu uja anapita yekha kukawaphunzitsa manesi kawotchedwe ka zakudimba zija, bedi anangomupatsa chifukwa nkhaniyo inali yaitali.