Ntchefu ya ku Midrand

Nkhani iyi ndimafuna ndipite nayo kumanda, koma alamu anga aifalitsa kale Jeppe yense, mpaka kwaya ya kutchalitchi ikuidziwa. Ndiye bola muimve kwa mwiniwake. Sekani momasuka, manyazi ake ndinamwa kale.

Ine ndine wopenta nyumba. Mundipatse roller, ndowa ya penti ndi khoma, madzulo mudzabwere mudzaone nokha. Ntchitoyi ndinaiphunzira kuno ku Joni, ndipo amene anandilandira nditangotsika basi ndi alamu anga a Kachingwe, achimwene awo a mayi a kunyumba. Tsiku lomwelo anandikhazika pansi m'kachipinda kawo ku Jeppestown n'kundipatsa lamulo limodzi.

"Alamu, kuno mawu oti 'sindingathe' kulibe. Akakufunsani za mapaipi, yankho ndi yes. Zamagetsi, yes. Kumeta galu, yes. Zinazo mukaphunzirira pantchito pomwepo. Mukangoti no, kumbuyo kwanu kuli mzere wa anthu akudikira kunena yes."

Lamulo limeneli landidyetsa, sindinganame. Matailosi ndinayamba choncho, siling'i ndinayamba choncho.

Ndiye chaka chatha nyengo yozizira ma piece job anauma gwa! Ndinkangokhala pakona ndi roller yanga ngati ndikuigulitsa. Mwamwayi alamu amagwira ntchito ya m'garden pa guest house ina ku Midrand, ya mayi wina wachizulu, MaDlamini, mayi wansangala wokhala ndi zigalu ziwiri zonenepa. Mayiyo ankafuna kupentetsa zipinda zonse, ntchito yoti ikanandifikitsa Disembala osadandaula. Alamu anandinenerera, ndipo tinapita limodzi.

Madam anandionetsa zipinda. Kenako anatitengera kuseri, pa kakhumbi kaudzu pamene alendo amawotchera nyama. Pambali pake panali khoma loyera, lalitali bwino. Anatulutsa chithunzi chachikulu cha m'felemu: nyama yofiira, yanyanga, ili pa thanthwe.

"Eee, amajambula bwinotu adzukulu anuwa," ndinatero pofuna kukometsa nkhani.

Madam anaseka mpaka kugwira khoma. Anati chithunzicho anachitola ndi kamera m'phanga lina ku mapiri a Drakensberg, ndipo nyamayo ndi ntchefu imene anthu akalekale anaijambula pamwala zaka masauzande zapitazo.

Apa m'pamene pakamwa panga pananditsogolera.

"Oh, madam, zimenezi ndiye zakwathu! Ine kwathu ndi ku Dedza. Ku Chongoni mapanga ake ndi omwewa, anajambula Akafula, anthu aafupi aja. Ifetu tinkabisala mvula momwemo tikuweta mbuzi!"

Maso a madam anawala. "Hawu! Ndiye kuti wakulira momwemo! Ungandijambulire ntchefu imeneyi pakhomapa? Ikakhala bwino, zipinda zonse ndi zako."

Ndinayang'ana alamu. Anali atanditong'olera maso, akutsokomola chifuwa chopanda chimfine. Ine ndinati ohoo, akundikumbutsa lamulo lija.

"Yes, madam!"

M'taxi pobwerera tinadutsa ma robot angapo. Kenako alamu anapumira m'mwamba.

"Alamu, chibadwire munajambulapo chiyani?"

"Mapu a Malawi, ku pulayimale."

"Anatuluka bwanji?"

"Aphunzitsi anafunsa kuti chinangwachi n'cha ndani."

"Mayo ine."

"Musade nkhawa, alamu! Anthu aja analibe sukulu, analibe bulashi, analibe ngakhale makwerero. Ankavala zikopa! Ine ndili ndi tepi yoyezera, level ndi foni ya data. Andiposa pati?"

Lolemba ndinafika m'mamawa ndi penti yabulauni, ndikuimba likhweru. Ndinaimika chithunzi chija pampando n'kuchiyang'anitsitsa koyamba. Likhweru linayamba kuchepa lokha. Kufiira kwa pamsana kunkatsika pang'onopang'ono mpaka kusanduka kuyera kwa pamimba, popanda mzere pamene mungaloze kuti apa m'pamene asinthira. Miyendo yake yowonda, umodzi utatukuka pang'ono, khutu lili tcheru, ngati nyamayo yamva kanthu kakuthyoka m'tchire. Ukaphethira umachita kuopa kuti uipeza yathawa.

Ndinati zazing'ono izi, n'kuyamba.

Pofika masana alamu anabwera ndi wilibala yawo, n'kuima.

"Kasiyamaliro ameneyu mvula yamuvumbwa kuti?"

Ndinafufuta ndi penti yoyera. Kufufuta ndiye ndimatha, pamenepo palibe angandiuze kanthu. Mawa lake ndinayesanso, ndikuyeza mwendo uliwonse ndi tepi. Inatuluka nyama yooneka ngati yameza matiresi. Ndinafufuta. Tsiku linalo ndinayambira kumutu, koma pofika kumchira khoma linali litatha.

Munthu wanzeru akanaona kuti vuto lili padzanja. Ine ndinaona kuti vuto ndi penti. Penti ya m'shopu ingajambule bwanji zinthu zamakolo? Ndinapita kukafunsa madam mwaukatswiri, manja kumbuyo.

"Madam, kungofuna kutsimikiza, a kunoko ankasakaniza chiyani? Kwathu tili ndi njira yathu, koma ndikufuna zifanane."

Anati anamva kuti ankapera miyala yofiira, n'kusakaniza ndi mafuta a nyama, magazi, mwinanso mazira. Anawonjeza kuti akuchoka, abwera Loweruka ndi amayi anzawo a stokvel, gulu lawo losonkherana, kuti adzaone khomalo.

Ndi zimenezotu! Chinsinsi ndachigwira!

Dothi lofiira silinavute, Midrand yonse ndi zomangamanga. Mazira ndinatenga kunyumba, mayi akufunsa kuti kodi khoma limadya bulekifasi. Zamagazi ndi mafuta ndinapita kwa anyamata ogulitsa mitu ya ng'ombe pafupi ndi hostel, nditanyamula chigubu.

"Igazi? Ufuna ukwenzani, Malawi?" anafunsa mmodzi m'Chizulu, kufuna kudziwa kuti magaziwo ndikatani nawo.

"For painting, mfowethu."

Anayang'anizana. Wina anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kundithirira mwaulemu kwambiri, ndi manja awiri, osandiyang'ana kumaso. Ndikuchoka ndinamva akunong'onezana za muthi, kuti ndi zokachitira zaufiti. M'taxi ya ku Midrand, kwa nthawi yoyamba chibwerereni ku Joni, ndinakhala mpando wonse ndekha.

Lachisanu ndinasakaniza zonse m'ndowa. Bulashi ndinaisiya, ndinatafuna kamtengo kunsonga n'kumangirira nthenga za nkhuku, kuti zikhale zachikale zenizeni. Alamu anasuzumira m'ndowamo n'kutseka mphuno.

"Alamu, mukupenta kapena mukuphika?"

"Inu pitani mukathirire maluwa, izi n'zakuya."

Khosi la ntchefuyo linali litandivuta kujambula sabata yonse, ndiye ndinaganiza zoti nyama yanga ikhale ikudya msipu, mutu pansi. Kumutuko ndinapakako mafuta ambiri kuti kuziwala. Thupi linatuluka ngati mgolo wogoneka, miyendo inayi yowongoka ndi level, ubweya wa pamsana n'kuuimika timizere tokwera m'mwamba. Nyanga zinapatukana ndi mutu pang'ono, koma ndinati aliyense aona kuti n'zake. Nditaima patali n'kutsinzina diso limodzi, ndithu inkaoneka ngati chamoyo. Ntchentche nazo zinavomereza, zinabwera ndi abale awo omwe.

Loweruka ndinavala shati yakutchalitchi. Nditangokhota pakona ya kakhumbi kaja, maso anagwera pakhoma paja.

Zigalu zija zinali zitakhala pansi pa khoma, mimba zili tantha, zikunyambita milomo. Mutu wa ntchefu yanga kunalibe. Khosi kunalibe. Mchira kunalibe. Paliponse pamene lilime linafika panali mbee, poyera kuposa mmene ndimapentera ine. Panatsala mgolo uja pa miyendo yake inayi, timizere tija tikukwera m'mwamba, ndi nyanga ziwiri zili pazokha pambali.

"Alamu!" ndinakuwa. "Agalu adya ntchito yanga!"

Alamu anabwera ndi paipi yothirira m'manja, anayang'ana khoma, anayang'ana agalu.

"Koma ndiye aikonzatu," anatero.

Ndisanagwire n'komwe ndowa ya penti yoyera, geti linatseguka. Magalimoto! Amayi a stokvel anatsika atatchena, zipewa, mafuta onunkhira, madam ali patsogolo akuwauza za katswiri wa ku Malawi amene anakulira m'mapanga. Ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowe. M'mutu mwanga ndinkaona zipinda zija zikutsekeka chimodzichimodzi, ine ndikubwerera pakona paja ndi roller yanga.

Anafika pakhoma. Zii. Ntchentche zokha ndi zimene zinkayankhula.

"Hawu," anatero mayi wina wa chipewa chofiira, atagwira mphuno. "Yini le? N'chiyani chimenechi?"

Madam anapendeketsa mutu uku, anapendeketsa uko. Mwadzidzidzi anawomba m'manja.

"Braai stand, chowotchera nyama! Taonani, mgolo uwu, miyendo iyi, utsi ukukwera apa, ndipo izi ndi zopanira nyama! Anthu akale ankajambula zimene ankazikonda, iyeyu wajambula zimene timakonda ife, pamalo pake penipeni! Mpaka fungo! Ngakhale agalu aizindikira, taonani ali pamzere!"

Amayi onse anaphulika kuseka, mafoni m'mwamba. Madam anatembenukira kwa ine, misozi ili m'maso.

"Unachita kuganiza wekha zimenezi?"

Abale anga, ndikanatani?

"Yes, madam."

Alamu anatsokomolanso chifuwa chija.

Ndikanangokhala chete pamenepo bwenzi zitatha bwino. Koma kuyamikiridwa kuli ngati kachasu, kumakwera msanga. Ndinayamba kufotokoza kuti ife a ku Dedza luso limeneli lili m'magazi, dzanja limangoyenda lokha. Mayi wa chipewa chofiira uja anasendera pafupi.

"Bhuti, ine ndili ndi khoma lalikulu kunyumba. Ndikufuna mkango ukuthamangitsa mbidzi. Ungathe?"

"Ndipo ine pageti ndikufuna njovu," anatero madam. "Ndi ana ake."

Ndinakoka mpweya, chifuwa patsogolo. Pakamwa panali patatseguka kale, "ye" atatuluka theka.

"NO, MADAM!"

Tonse tinadzidzimuka. Anali alamu. Paipi anali ataiponya pansi, madzi akuthira nsapato za alendo, iwo manja ali m'mwamba ngati akuimitsa taxi.

"No! No, no, no! Uyu sangathe! Iyi si braai, madam, iyi ndi ntchefu, agalu adya mutu! Mupatseni roller ndi penti yoyera, akupenterani mpaka mudabwa. Koma nyama ayi, chonde, ndagwira mwendo wanu! Munthuyu ndi mlamu wanga, ndimamudziwa, mapu a Malawi anajambula chinangwa!"

Kuseka kumene kunabuka pamenepo sindidzakuiwala. Mayi wina anakhala pansi pa kapinga ndi diresi lake lodula. Madam ankayesa kuyankhula koma mawu osatuluka, akungoloza nyanga zija, kuloza agalu, kuloza ine. Ine ndinangoti njo ndi shati yanga yakutchalitchi, thukuta lili kamukamu nyengo yozizira.

Atapezako mpweya anapukuta misozi n'kundigwira paphewa.

"Lolemba uyambe zipinda. Zoyera. Ndikapezamo ngakhale gulugufe, ndikuitanira agalu. Koma braai yangayi usaifufute, ungoipaka vanishi kuti fungo lichoke."

Ilipo mpaka lero. Alendo amajambulitsa pamenepo, ndipo ku Jeppe dzina langa lenileni linaiwalika, ana omwe amandiitana kuti a Braai.

Tsiku limenelo m'taxi ndinakhala nditatupa mpaka m'tauni. Kenako ndinalephera kupirira.

"Alamu, mwandiyalutsa pamaso pa azimayi. Lamulo lija munandipatsa ndinu! Munati kuno no kulibe!"

Alamu sananditembenukire n'komwe.

"Lamulo lija ndi la mapaipi, alamu. Paipi ikadontha timamanga ndi mphira. Ntchefu simangika ndi mphira."

Ntchefu ya anthu ovala zikopa aja yatha zaka masauzande ili chiimire pamwala, yanga sinaone n'komwe dzuwa lachiwiri. Anthu amati Akafula anali aafupi, koma pa luso ine ndimawalekeza m'mawondo.