Ndinawalira Bambo a Tadala Ali Moyo

Mpaka lero ndikafika pamjigo amayi amayamba kutsokomola mwadala, wina n'kufunsa, "Make Tadala, ku Joni kwacha bwanji? Sichinawagwire?" Ine ndimangowerama ngati ndataya kanthu m'ndowa. Ndiye ndati bola ndifotokoze ndekha, poti ena akuthira mchere wambiri, akuti ndinakomoka kawiri. Sindinakomoke ayi. Ndinangokhala pansi mofulumira.

Amuna anga, bambo a Tadala, amagwira ntchito ya zomangamanga ku Joni. Ine ndimakhala kwawo, kufupi ndi Biriwiri, pamodzi ndi apongozi anga aakazi ndi mwana wathu Tadala, amene nthawiyo anali asanayambe kuyenda. Chaka chimenecho ananditumizira foni yatachi, ndipo anali ndi chizolowezi chojambula zinthu n'kunditumizira: chipinda chawo, nyumba zazitali zimene akumanga, ngakhale mutu wawo akameta. Ndiye ine ndinazolowera kuti chilichonse chochokera kwa iwo ndi chimene aona ndi maso awo. (Musandiseke msanga. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndipo kuvidiyo sindinalowemo chibadwire, kwathu ankati n'kwa anthu osuta.)

Tsikulo ndinali pakhonde masana, ndikusankha mbatatesi zokagulitsa kumsewu, Tadala ali kumbuyo. Apongozi anali kudimba. Foni n'kulira. Kanema, popanda mawu aliwonse olembedwa pansi pake. Ndinapukuta manja pachitenje n'kudina.

Poyamba zinali bwinobwino. Mzinda wa nyumba zazitali ngati zomwe zija, mayi wina akuyanika zovala, kamwana kakuthamangitsa mpira. Kanyimbo kake kapansipansi, ngati madzi akudontha m'beseni, ti, ti, ti. Ndinamwetulira ndithu. Kenako mbalame zonse zinauluka nthawi imodzi. Galu anayamba kuuwa akuyang'ana kumwamba. Mpira uja unagubuduzika wokha, mwana osautsatira. Ine ndine mayi, mwana akasiya mpira ndimadziwa kuti pali chinthu.

Foni inada bii. Ndimati yazima. Ndikuti ndiigwedeze, ndinangomva duuu! Chimkokomo chochokera pansi, chofika mpaka m'mano. Chithunzi n'kubwera: chimthunzi chikukwawa pamwamba pa nyumba zija, kuzimeza imodziimodzi, masanasana. Anthu onse makosi m'mwamba, kukamwa yasa. Koma chimene ankaonacho, kutionetsa ife ayi! Ndinapendeketsa foni kuti mwina ndichione cham'mbali. (Ee, ndinapendeketsa. Mbali zonse ziwiri.)

Mdima. Duuu! Magalimoto akunyamuka pansi ngati mankhusu. Mdima. Duuu! Asilikali akuthawa, mfuti atataya. Tsopano zithunzi zinkasinthana mofulumira, ichi usanachione bwino china chafika, ng'oma nayo ikuthamanga, mtima wanga ukuithamangira pambuyo. Ndipo pakati pa othawawo panali mwamuna wa ovolosi yabuluu ndi chisoti chachikasu. Nkhope sanaionetse, koma msana, abale, msana! Kathamangidwe kotaya mwendo wakumanzere kaja! Ndi mkazi uti sadziwa msana wa mwamuna wake?

Kenako zii. Ng'oma yaleka, kukuwa kwaleka. Munthu uja wabisala kuseri kwa galimoto, kukungomveka kupuma kwake basi. Nanenso ndinasiya kupuma kuti chisatimve. Pang'onopang'ono, pamwamba pa galimotoyo, kumbuyo kwa mutu wake, panatulukira zala. Zitatu zokha, zazitali ngati mapesi, zonyezimira ngati zanyowa. Iye osadziwa. Ine ndiye, "Cheukani! Bambo a Tadala, cheukani!" Akuyamba kucheuka chonchi, foni bii. Zilembo zachingerezi, kanema watha.

Ndinawaimbira. Inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Kachitatu chala chinkaphonya pofunika kudina. Apo ndiye ndinaponya mfuu, "Mayo ine! Bambo a Tadala ine!" Tadala naye kumbuyoku anayatsa yake.

Oyamba kufika anali a Nangondo, oyandikana nafe nyumba, thovu la sopo lili m'manja. Tsono kwathu kuno, mkazi amene mwamuna wake ali ku Joni akakuwa foni ili m'manja, anthu safunsa kawiri. Mauthenga otere tawalandirapo m'mudzi muno.

"Make Tadala, n'chiyani?"

"Chawagwira! Chinali kumbuyo kwawo, iwo osachiona!"

"Bambo a Tadala?"

"Ndaona ndi maso angawa! Foni sakuyankha!"

A Nangondo sanadikire zambiri. Anamangitsa chitenje m'chiuno, manja kumutu, n'kuyamba ndi mawu awo akwaya aja, omveka mpaka kutsidya kwa dambo.

Posakhalitsa bwalo linadzaza. Amayi anandilowetsa m'nyumba, wina anandilandira Tadala, wina akundigwira mapewa. Abambo anayamba kutulutsa mipando ndi tebulo kuti olira apeze pokhala. Wina wachangu anali atathyola kale masamba n'kukaika pamsewu, apanjinga akudutsa atatsika. Ndinkamva ndithu anthu akunong'onezana pakhomo. "Ngozi ya galimoto?" "Ayi, akuti achifwamba." "Akuti anawabisalira kuseri kwa galimoto." Ndinkafuna kuwongola kuti si achifwamba, ndi chinthu cha zala zitatu, koma ukakhala pakati pa amayi khumi akulira sulankhula, umangotsatira.

Apongozi anakawatenga kudimba powauza kuti kwabwera alendo. Atangoona mipando ili panja, khasu linagwa m'manja. Koma sanalire. Analowa n'kukhala pansi patsogolo panga, matope ali kumapazi.

"Make Tadala, wakuimbirani ndani?"

"Palibe, amayi."

"Nanga uthenga wafika bwanji?"

"Atumiza okha."

"Womwalirayo watumiza yekha?"

Kulira kunatsika pang'ono. Apo a Jere, amalume awo a bambo a Tadala, amene anagwirako ntchito kumigodi ya ku Joni kalekale, anasuzumira pakhomo n'kunena kuti foniyo ibwere, akulu aone. Ndinadina. Mitu inaunjikana ngati nkhuku pa madeya.

Pa duuu woyamba a Jere anadzidzimuka mpaka chipewa chinagwa. "Msewu uwu ndikuudziwa," anatero. "Ndinkadutsamo." Pamene panati zii, nyumba yonse inati zii. Zala zitatulukira, a Nangondo anadumpha miyendo ya anthu atatu n'kukaima panja. Ena anayambiranso kulira, mwamphamvu kuposa poyamba. (Kunena zoona ndinamva bwino pang'ono. Sindinali ndekha chitsiru.)

"Bwezaninso," anatero apongozi.

Ulendo uno sanayang'ane kwambiri, anatchera khutu, mutu ataupendeka. Utatha anandiyang'ana.

"Mwati anajambula ndi mwana wanga?"

"Ee, amayi."

"Nanga msanawu ndi wa yani?"

"Ndi wawo."

"Munthu amadzijambula kumsana akuthawa?"

Ndisanayankhe, anapitiriza.

"China. Anthu akuthawa, asilikali akutaya mfuti. Woimba ng'omayu wakhala pati? Iye alibe mantha? Ndipo tamverani bwino, akudziwa pamene chinthucho chitulukire, waleka kuimba chisanafike. Ine ndavina chimtali chiyambire utsikana wanga. Ng'oma ikadula chonchi ndiye kuti anapangana kale, akufuna oonerera mitima ikwere kukhosi. Awa ndi masewera."

"Ndimati ndinene zomwezo," anatero a Jere akutola chipewa.

Koma apongozi, ngakhale ankalankhula molimba chonchi, foni ija anaiika pamphasa pafupi ndi bondo lawo, pankhope palibe kumwetulira. Masewera kapena ayi, mwana wawo foni sankayankha. Tinakhala choncho, osalira, osaseka, tonse maso pa kafoni kali pamphasa.

Ndipo inalira. Dzina lawo pagalasi. Palibe anafuna kuigwira, ngati yatentha. A Jere ndiwo anadina n'kuikweza mawu kuti tonse timve.

"Halo? Make Tadala? Ndaona munaimba, foni inali m'chikwama, tinali pamwamba tikuthira konkire. Kodi kuli anthu kumeneko? Kwagwa zovuta?"

"Ee, mphwanga," anayankha a Jere. "Kwagwa zovuta."

"Amalume? Ndani watisiya?"

"Iweyo."

Anafotokozeredwa zonse, aliyense akulanda mnzake mawu. Kenako tinamva bambo a Tadala akuseka mpaka kutsamwa.

"Aa! Kaja n'kotsatsa filimu! Filimu yake sinatuluke n'komwe. Amadula tizidutswa n'kukuonetsa kuti mtima ukhale m'mwamba, ukafune kuona yonse. Ine ndimati muone zimene anthu akupanga masiku ano."

"Nanga zalazo n'za chiyani?" anafunsa a Nangondo ali pawindo, kulowa akukana.

"Za chinthu chochokera kunyenyezi, mayi. Zopeka."

Ine ndinapeza mawu. "Nanga bwanji osachionetsa chonse, munthu n'kudziwa chimodzi?"

"Akanachionetsa mukanaopa? Mukanangoti chidole ichi. Chimaopsa n'chimene mwadzipangira nokha m'mutumo."

Apo apongozi analanda foni. "Iwe," anatero, "kulemba mawu awiri pansi pake kunakukanika? Sukulu ndinakulipirira ya chiyani?" Ndipo pamenepo ndi pamene analira, misozi yeniyeni, akumutukwana mwana wawo kwinaku foni ataikumbatira ndi manja awiri.

Zotsatira zake mukhoza kuziganiza. Mipando inabwerera m'nyumba anthu akugwa ndi phwete. Amayi amene anabwera ndi nkhuni anabwerera nazo. Masamba apamsewu anati ndikachotse ndekha, poti maliro ndinaitana ndine. Ndinapita, Tadala kumbuyo, ndikukoka nthambi, bambo wina wapanjinga n'kuima mwaulemu, chipewa m'manja, "Pepani mayi, mwambo wasunthira kuti?" Ndinati wodwalayo wachira.

Madzulo ake ndinalonjeza apongozi kuti kanema wochokera ku Joni sindidzatsekulanso ndili ndekha. Ndinalonjeza ndi mtima wonse.

Patapita masabata awiri anatumiza wina. Pansi pake analemba ndi zilembo zikuluzikulu, ZABODZA IZI. Apongozi anali kumsika. Ndinapirira, ndinatsuka mbale, ndinasesa pomwe ndinasesa kale. Kenako ndinagoneka Tadala, ndinapita kuseri kwa bafa, ndinaluma nsonga ya chitenje kuti mawu asatuluke, n'kudina. Uyu anali wa anthu ali m'chombo kumwamba, onse ali mtulo m'mabokosi agalasi, chitseko n'kuyamba kutseguka chokha. Ndinkadziwa kuti n'zabodza. Woimba ng'oma ndinkamumva, machenjera ake ndinkawadziwa, atadula ndinati ehe, wayambapo. Kudziwa konseko sikunandithandize kanthu. Chitenje chatsopano ndinachiboola ndi mano.

Apongozi atabwera anachiyang'ana n'kufunsa chachitika n'chiyani. Ndinati makoswe, amayi.

"Makoswe," anatero. Anakhala pansi, anavula nsapato, n'kutambasula dzanja. "Tabweretsani tiwaone. Koma muyambe mwatseka chitseko, a Nangondo angamve."