Ndinapalira dawe wa pa loji

Mpaka lero alamu anga a Mbewe sandibwereka khasu, ndipo sindiwaimba mlandu.

Iwo amasamalira maluwa pa loji ina ku Nkwali. Malungo atawagwetsa, anandipempha kuti ndikawagwirireko ntchito masiku ochepa, kuopa kuti abwana angaike munthu wina pamalo pawo. Anati ndizikangothirira basi. Ndinavomera msangamsanga (kunena zoona, ndinkafuna kulawako zomwe alendo amadya).

Nditafika ndinagwira pakamwa. Kutsogolo kwa khonde lomwe alendo amamwerapo tiyi kunali dawe yekhayekha, wosasakanikirana ndi mlulu kapena udzu wina, wonenepa kuposa wa kudambo. Ine ndinakulira cha ku Chipata, kumene munthu wolekerera dawe m'dimba amasekedwa ndi ana omwe. Ndinachita manyazi m'malo mwa alamu. Ndinaika keni yothirira pansi n'kutenga khasu.

Dawe ukangomudula pamwamba amaphukanso, ndiye ndinakumba mpaka timbatata take n'kutiyanika kuti tiferetu. Dzuwa la kuno ku Mambwe silizengereza pa ntchito yotere. Kenako ndinasesa, pamalo n'kuyera mbee.

Abwana, mayi wa ku Lusaka, anatulukira masana. Ndinati mwaswera bwanji, koma iwo anangoyang'ana dothi lija.

"Udzu wanga uli kuti?" anafunsa.

"Ndathana nawo, mayi. Sudzameranso."

Anandifotokozera modekha (bola akanakalipa) kuti udzuwo anachita kubzala dala. Maluwa a m'tauni mbawala zinkadya, pomwe uwu ndi wa m'chigwa mommuno, ndipo alendo amaujambula. Anamaliza ndi mawu akuti alendo a Loweruka akapeza pali mbee chonchi, a Mbewe asabwerenso.

Alamu atamva zimenezi anadzuka pamphasa malungo asanathe. Sanandinyoze, anangoti titenge njinga. Kudambo iwo ankaloza, ine n'kumakumba. Pobwerera, amayi ochokera kumjigo ataona amuna akuluakulu atasenzetsa njinga udzu wamatope, anafunsa ngati tayamba kuweta mbira. Ndinabzala dawe ndi manja angawa, kumuthira manyowa, kumuthirira m'mawa ndi madzulo ngati repu.

Ntchito ya alamu inapulumuka. Tikutsuka zida, anandifunsa ngati tsopano ndikuona kukongola kwake, ine ndinati eya ndithu.

Ndinawanamiza. Ameneuja ndi dawe basi, ndipo ndikadutsa pamenepo manja amandiyabwa.