Roketi yanga ndi chitenje cha apongozi

Abale anzanga a m'bungwe la amuna, Sabata latha abusa atalalikila za nsanje munandiona ndikutuluka msanga, ena munaganiza kuti ndathawa chopeleka. Ayi, mawu aja anaponda pachilonda chakale. Ndiye ndati ndilembe pano muwelenge nonse, museke mpaka mukhute, mwina ine ndingapepukidwe. Nkhaniyi yatha zaka zingapo koma kwa apongozi anga ku Chelstone ikali yaiwisi.

Mukundidziwa, ndine Lazalo Zulu, wowotchelela zitsulo ku Kabwata. Sukulu ndinalekela giledi naini, koma mawindo, zitseko ndi mbaula za theka la komboni yathu zinatuluka m'manja awa. Ndinakwatila Esinati, mwana woyamba wa a Banda, aja anapuma ntchito ya ukalaliki ku maofesi a ku Longacres. A Banda ana awo ndi atatu, akazi okhaokha, ndiye kwa zaka zambili chilichonse chofuna mwamuna pa nyumba ija chinali changa. Denga likadontha, itanani a Zulu. Malilo ku Katete, a Zulu apite. Ndikafika, mpando wa pafupi ndi mwini nyumba unali kundidikila.

Kenako mng'ono wake wa Esinati anabweletsa Mulenga. Mubemba wa ku Kasama, msilikali wa gulu la ndege, wamtali, nsapato zowala moti mukhoza kumetelapo ndevu. Amuna okwatila nyumba imodzi kuno timaitanana chufi, ndipo popeza iye Mubemba ine Mngoni, chimbuya, chibale chonyozana mwanthabwala, chinalipo kale. Akandiona, "Shani chufi, mbewa zapsa?" Ine, "Zapsa, nanga anyani anu?" Tonse n'kuseka, koma kuseka kwanga kunali kwa mano okha.

Chaka cha nkhaniyi Mulenga anamutumiza kunja kukaphunzila, anabwelako mu Disembala. Nthawi yomweyo Tamala, mzime wa a Banda, anali atapeza mwamuna, ndipo akuchimuna anati adzabwela Chaka Chatsopano chikapita kudzakamba za ukwati. A Banda abale awo aamuna onse anatsogola, ndiye anati mmodzi wa ife akamwini awili ndiye adzalankhulile banja tsikulo. Sanatchule dzina. Ine ndinangodabwa kuti pali funso. Wamkulu ndani? Anakonza denga ndani?

Sabata lina titadya, tili pakhonde, a Banda anafunsa Mulenga kuti kunjako anakaphunzila chiyani.

"Batata, ma roketi yakudala yenze yakhungu," anatelo Mulenga ndi Chinyanja chake cha m'tauni. "Muponya yambili, mupemphela kuti imozi igwe pa malo. Manje aya yatsopano yali na diso kusogolo. Msilikali mmozi ankhala patali na kagetsi ka leza, aika kadontho pa chinthu chamene mufuna. Roketi ichoka ku helikopita, olo pa motoka pansi, iona kadontho kaja, ikonka."

"Imatsata kuwala?" anafunsa a Banda.

"Ee, itsata. Olo chinthu chithamange."

"Ndiye kuti nyumba za anthu osalakwa zimapulumuka."

"Ndiye cholinga, batata."

A Banda anavula magalasi, anawapukuta, n'kumuyang'ana Mulenga mmene sanandiyang'anilepo ine chikwatilile. Ngakhale apongozi akazi, amene zaka zonsezi ndimawapatsa moni nditagwada patali maso ali pansi, ndinawamva ali pamphasa akuti, "Kuphunzila n'kwabwino." Ndisanadziwe, pakamwa panga panatseguka pokha.

"Zimenezo si zachilendo. Ine ndikhoza kupanga."

Mulenga anamwetulila. "Chufi, iyi si mbaula."

Onse anaseka, ndi Esinati yemwe, mkazi wanga wa pa tchalitchi. Ndinanyamuka kupita kuseli kwa nyumba ngati ndalandila foni, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti nthawi imene ndinali kukangana ndi khoma ndi imene Mulenga anafotokoza zofunika zenizeni: kuti mkati muli kakompyuta, kuti timapiko timadzipinda tokha pouluka, kuti kuwala kwake sikuoneka n'komwe ndi maso a munthu. Zonsezo zinandipita. Ine ndinatenga zitatu basi: diso, kadontho, roketi.

Cholinga changa chinali chabwino, kapena ndi mmene ndinadziuzila: kusangalatsa banja pa Chaka Chatsopano. Lolemba ndinapita ku msika wa Soweto, pa aja ogulitsa matchaja a foni, ndinapeza kagetsi ka leza kobiliwila konga cholembela. Ndinadutsa ku Kamwala kugula makombola aja okhala ndi kamtengo kumbuyo, awili, aakulu kuposa onse m'sitolo. Ku shopu ndinasiya mawindo a kasitomala wa ku Woodlands ali theka, n'kuwotchelela paipi pa miyendo itatu, ndinaipaka penti wobiliwila ngati wa asilikali. Timapiko ndinadula ku chitini cha mafuta ophikila. Nanga diso? Ndinachotsa galasi lochindikala la tochi, n'kulimanga kutsogolo kwa roketi ndi tepi wakuda. Kuyesa sindinayese, ndinaopa kuti aneba amva n'kukauza Esinati.

Tsikulo tikukwela minibasi ya ku Chelstone, Esinati anayang'ana thumba.

"Atate a Daliso, chimenechi n'chiyani?"

"Choikapo maluwa."

"Maluwa amanunkha wonga?"

Ndinayamba kukangana ndi kondakitala za malo.

Makombola amafuna mdima, aliyense akudziwa. Koma Mulenga anali woti abwelele ku ntchito fo koloko, ndipo phindu lake likanakhala lotani iye palibe? Ndiye dzuwa lili phwee, nyama ili pamoto, ndinaimika paipi yanga pakati pa bwalo. Ndinaika ndowa yakale pamwamba pa mpanda kumapeto kwa yadi, n'kugoneka paipi kuloza kumeneko. Apongozi akazi anali cha kumbali, pamphasa pansi pa mtengo wa mapeyala, atavala chitenje chatsopano chimene ana awo anawagulila pa Khilisimasi.

Mulenga anabwela pafupi, anayang'ana, kumwetulila kuja kunatha. Analankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Chufi, chosa galasi iyo, izalemela kusogolo. Na paipi uimike ilangane kumwamba. Olo siya chabe, tidye nyama."

Mukudziwa chimene ndinaganiza? Ndinati mumtima, eya, nsanje yayamba kumupweteka mnyamatayu.

Kuti ulemu ukhale wokwanila, kagetsi ndinakapeleka kwa a Banda eni ake. "Atate, inu ndinu mkulu wa asilikali lelo. Ikani kadontho pa ndowa paja, musachotse." Nkhalamba inakondwa. Koma manja awo amanjenjemela, magalasi anali atawasiya m'nyumba, ndipo padzuwa kadontho kaja sikanali kuoneka. Ine ndinawelama ndi machisi, ndikuwamva kumbuyo, "Kali kuti? Kapita kuti?" akusakasaka pakhoma, pansi, pa thanki ya madzi. Chingwe cha roketi chinagwila moto. Ndipo malo okhawo pa yadi yonse pamene kadontho kakanaoneka anali pamthunzi, pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Ndakapeza," anatelo a Banda.

Ndinacheuka. Kadontho kobiliwila kanali kuvina pa chitenje cha akazi awo.

Roketi inatuluka m'paipi ikulila ngati mphaka wopondedwa mchila, galasi lija linaikokela mphuno pansi, inamenya dothi, inanjanja, inazungulila kawili ngati ikufunsa njila, kenako inathamanga chokwawa n'kukalowa m'mapindo a chitenje cha apongozi. Utsi tolo.

Abale, zaka zonsezi sindinawagwilepo ngakhale dzanja amayi aja. Tsiku limenelo ndinawafikila ngati wosewela mpila, ndinawadzutsa ndi m'khwapa, ndinakoka chitenje chonse kuwasiya ndi petikoti pamaso pa ana awo ndi mkamwini mnzanga, n'kuyamba kuwaphaphatha m'miyendo kuzimitsa nthethe. Ndili m'kati mophaphatha, roketi ija, imene tsopano inali m'chitenje m'dzanja langa lamanzele, inakumbuka kuti ntchito yake sinathe. Inaphulika. Nyenyezi zofiila ndi zobiliwila zinandizinga kumaso, nsidze zanga zinapita, ndevu mbali imodzi. Mulenga anandikhuthulila beseni la madzi osamba m'manja, mafupa a nkhuku ndi zonse. Esinati ndi Tamala anawafunditsa amayi awo nsalu ya patebulo. Mwa chisomo, iwo sanapse paliponse.

Zikanathela pamenepo ndikanati ndi ngozi. Koma tchimo langa lenileni likubwela apa.

Apongozi, atakulungidwa m'nsalu ya patebulo, anafunsa mwakachetechete, osayang'ana aliyense, "Pa anthu onsewa, chinthu chimenechi chandipeza bwanji ine?"

Ndikanagwada. Ndikanati ndalakwa. Koma ndinaona Mulenga ataima ndi beseni, ndipo madzi akuchucha kumaso ndinati, "Imatsata kadontho, amayi. Pamene pali kadontho ndi pomwe imapita."

Amayi anatembenuka pang'onopang'ono. "A Banda, kadonthoko kanali pati?"

A Banda ndi munthu wosanama. "Kanali pa inu, amake Esinati, koma ine ndimati..."

"Ndamva."

Analowa m'nyumba. Mulenga anayesa kuwatsatila kuti afotokoze, koma chitseko chinali chitatsekedwa, ndipo nthawi yake ya ntchito inali itakwana.

Masiku anayi amayi anagona m'chipinda cha Tamala. Sanawaphikile amuna awo, sanawayankhe. Anauza ana kuti akupita kwa mng'ono wawo ku Katete, ndipo alendo a ukwati akabwela awalandile mwiniwake woombela mkaziyo. Tamala anali kulila pafoni tsiku ndi tsiku. A Banda anali kudya buledi ndi madzi a shuga. Nanga ine? Ine ndinakhala chete masiku onse anayiwo, chifukwa ndinamva kuti pa msika wa Chelstone anthu akukamba kuti roketi ya a Zulu imagwiladi ntchito. Ndinali kuyenda mu Kabwata wopanda nsidze koma chifuwa chili patsogolo. Ukwati wa zaka makumi anayi unali kugwedezeka, wina wosayamba n'komwe unali kufa, ine ndikunyadila.

Tsiku lachisanu Esinati anandiikila chakudya, n'kukhala pansi moyang'anana nane.

"Atate a Daliso, ine ndinakwatiwa ndi wowotchelela, ndipo sindinachitepo naye manyazi mpaka sabata ino. Mawa mukaluzanitse makolo anga. Mukalephela, nanenso ndikwela basi ya ku Katete yomweyo."

Vuto linali lakuti mawu anga okha amayi sakanawakhulupililanso. Pankafunika katswili. Ndipo katswili m'banja lathu anali mmodzi.

Ndinamupeza Mulenga kunyumba kwake akutsuka galimoto.

"Chufi, ndifuna ukawauze amayi kuti roketi yanga siona."

Anatseka mpopi. "Madzi yenze kuchita chongo. Wakamba chani?"

"Ndati roketi yanga ndi yakhungu."

"Na kadontho?"

"Sikanachite kanthu."

"Na iwe?"

"Ndinanama."

"Kwela, mbuya," anatelo, ndipo njila yonse sananditonze ngakhale kamodzi, chimene chinandiwawa kuposa akanandiseka.

Ku Chelstone ine ndinagwada pakhomo la khichini. Amayi anakhala pampando, chikwama cha ulendo chili pambali. A Banda anaima pawindo ngati woimbidwa mlandu. Mulenga anatenga roketi yachiwili ija, anaing'amba ndi mpeni patebulo, n'kuyala zam'kati.

"Onani bamayo. Pepala, wonga, kamtengo. Kulibe diso, kulibe waya. Iyi olo batata anakaika kadontho ku Kabulonga, yenze kubwela chabe kwamene yafuna."

Amayi anatokosa wonga uja ndi chala. "Ndiye kuti n'chinthu chopanda nzelu?"

"Chilibe olo pang'ono."

"Nanga wochipanga?"

Mulenga anandiyang'ana pamene ndinagwada, n'kukanda kumutu. "Uyo ni chufi wanga, bamayo. Siningakambe."

Amayi anayesa kudzigwila, mapewa anayamba kugwedezeka, kenako anaseka mpaka misozi. Atatha anati, "A Banda, mwaonda. Khalani pansi." Chikwama chinabwelela kuchipinda.

Loweluka limene alendo anabwela, amene analankhulila banja mukumudziwa kale. Akuti analankhula bwino, miyambi yathu yomwe anachita kuloweza. Ndikuti akuti chifukwa ine panalibe. Alendo atangofika pamsewu, a Banda anandiitanila pambali n'kundituma ku msika kukagula tomato, ndipo anati ndisafulumile, ndisankhe bwinobwino. Podutsa kukhichini ndinaona tomato wodzaza dengu.

Kuyambila pamenepo ndinalumbila pamaso pa Mulungu ndi Esinati kuti chilichonse chouluka ndasiyila eni ake, ine zanga ndi zokhala pansi. Chaka chatha Mulenga atakwezedwa udindo ndinaomba m'manja pamodzi ndi onse, ngakhale dzanja limodzi linachedwa pang'ono. Koma mundipemphelele ndithu abale, chifukwa ndamva kuti akumutumizanso kunja kukaphunzila za tindege topanda woyendetsa, ndipo dzulo ku shopu ndinadzipeza ndaima nthawi yaitali ndikuyang'ana fani yakale ya kasitomala.